Ndapeza ntchito kunyanja: nyumba ya lendi yotsika mtengo ndiipeza bwanji ku Mangochi?

Funso

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe. Ndalembedwa ntchito yowerengera ndalama pa hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja cha ku Nkopola, ndipo ndiyamba mwezi wamawa. Nyumba sakupereka. Ku Mangochi ndinangofikako pa ulendo wa tchalitchi, sindidziwako munthu. Pa Facebook ndaona nyumba ya zipinda ziwiri ku Boma, yooneka bwino, mtengo wakenso wabwino, koma mwini nambalayo akuti nditumize lendi ya miyezi itatu pa Airtel Money kuti andisungire, chifukwa ena akuifunanso. Nditumize? Nanga ndikhale ku Boma kapena kufupi ndi ntchito? Malipiro anga si ambiri.

Yankho

Mayi, mafuno abwino pa ntchito yatsopanoyo. Koma ndalamayo musatumize. Musatumize ngakhale theka, ngakhale atati mungoponya kangachepe kosonyeza kuti mwatsimikiza. Ndakhala ndikuyang'anira nyumba za lendi kuno kwa nthawi yaitali, ndipo ambiri amene ndawaona akulira pa nkhani imeneyi ndi onga inu: ochokera kutali, tsiku loyamba ntchito layandikira, mtima uli m'mwamba. Wakuba amadziwa kuti munthu wotere amaopa kutsika ndi katundu n'kusowa pogona, ndipo mawu oti "ena akuifunanso" amanenedwa dala kuti musapeze mpata woganiza. Mwina munthuyo ndi wachilungamo, sindikumuweruza. Koma wachilungamo sakana mukamuuza kuti mufika Loweruka, muione nyumbayo, mulipire mutaima m'kati mwake. Akakana zimenezo, mwadziwiratu. Chithunzi aliyense angathe kuchitenga pa tsamba la mnzake. Nyumbayo ingakhale ya ku Zomba, kapena ili konkuno ndithu koma muli banja limene silikuganiza n'komwe zosamuka.

Ndipo ngakhale itakhala yeniyeni, ndikukayika ngati ili yoyenera inu. Anthu a ku Lilongwe akamva kuti Mangochi amaganiza tauni imodzi yokhala pagombe, mahotela ali pomwepo. Sizili choncho. Boma ili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Malombe, pamene pali mlatho wa Bakili Muluzi wolowera ku Namwera ndi ku Chiponde. Mahotela akuluakulu ali kumpoto, motsatira msewu wopita ku Monkey Bay. Kuchoka pa Boma kukafika ku Nkopola ndi makilomita oposa 20, ku Monkey Bay ndi oposa 60. Munjiramo muli misika ngati Namiasi, Maldeco ndi Makawa, ndipo ambiri ogwira ntchito m'mahotela amakhala m'malo amenewa ndi m'midzi yoyandikana nawo.

Inu ndinu a masamu, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, enieni mudzaikapo mukafika. Tinene kuti ku Boma mwapeza nyumba ya K90,000 pamwezi, ndipo kufupi ndi ntchito ikupezeka ya K120,000. Pongoona, yotchipa ndi ya ku Boma. Koma ngati kupita ndi kubwera kukudya K5,000 patsiku, masiku 24 pamwezi, ndiye kuti K120,000 yathera mumsewu ndipo nyumba ija yakhala ya K210,000. Ya kufupi ndi ntchito, ngakhale mutamakwera kabaza ya K1,000 tsiku lililonse, ikuima pa K144,000. Pa lendi imene alandilodi atchula muziwonjezapo thiransipoti, madzi, mayunitsi a magetsi, ndi ndalama ya mankhwala ngati nyumbayo ili ya udzudzu kapena ya madzi oipa. Umenewo ndiye mtengo wake. Uphungu wanga kwa aliyense wolandira pamwezi ndi wakuti zonsezi pamodzi zisapyole gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama imene imafika m'manja, msonkho ndi penshoni zitadulidwa. Zikapyola, mwezi usanathe mwayamba kufunsa kwa a katapila.

Palinso nthawi. Ntchito ya ku hotela siweruka mofanana masiku onse, ndipo inu a mabuku kumapeto kwa mwezi mudzatuluka kutada. Kukada, minibasi ndi ma Sienta zimachepa mumsewu umenewu, mumatsala ndi njinga yamoto, usiku, ulendo wa makilomita 20. Mafuta akasowa m'dziko muno mtengo wokwerera umalumpha tsiku lomwelo, pamene lendi imakhala pomwe munagwirizana. Chinthu chimodzi chokha chingasinthe masamuwa: funsani ngati hotelayo ili ndi basi ya ogwira ntchito, imafika pati, ndipo imanyamuka nthawi yanji.

Ku Boma sindikukunyoza. Kuli mabanki, chipatala chachikulu cha boma, msika waukulu, masukulu oti musankhe, ndipo nyumba za chimbudzi ndi bafa m'kati zimapezeka mosavuta kusiyana ndi kunjira ya kunyanja. Koma ozilimbirana ndi ambiri: ogwira ntchito m'boma, a m'mabungwe, a m'mabanki, ndi ophunzira a pa yunivesite ya DMI St John the Baptist amene amafuna zipinda. Ofuna zotsikirapo amalowera cha ku Mpondasi kapena kutsidya kwa mlatho ku M'baluku. Kwa inu Mpondasi angamveke, chifukwa ali mbali ya msewu wanu, koma kutsidya kwa mlatho kungokuwonjezerani ulendo wina. Mutakhala mlongo wanga ndikanati yambani kufupi ndi ntchito, m'nyumba yaing'ono yosadzionetsera, kwa miyezi itatu mpaka 6. Mukalidziwa dera, mukadziwa ndalama imene imatsala pamwezi, mudzasankha yokhalitsa muli ndi maso.

Nyumba yotsika mtengo kuno siikhala pa intaneti. Zimene zimaikidwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp kawirikawiri ndi zofunira mlendo wa ndalama. Eni nyumba ambiri samata ngakhale chikwangwani, amangouza anansi kuti anthu aja akutuluka kumapeto kwa mwezi, ndipo pofika pa 1 mwalowa kale wina. Choncho bwerani nokha kaye ndi chikwama chimodzi, ana ndi katundu atsale. Imbirani ku ofesi imene yakulembani ntchito, muwapemphe mosabisa ngati angakupatseni pogona kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kapena kukulumikizani ndi mayi mnzanu wogwira pomwepo woti akusungeni inu n'kumathandiza ndiwo ndi mayunitsi. Pempho limeneli si lachilendo, sakuonani ngati wovuta. Zikakanika, kugona pa resitihausi ya pamsika masiku ochepa ndi ndalama yaing'ono poyerekeza ndi miyezi itatu yolipirira nyumba yolakwika.

Mukafika, uzani anthu oyenera. Mabwana anu sadziwa nyumba za mtengo umene mukufuna. Odziwa ndi ophika, alonda, amayi ochapa ndi okonza m'zipinda, chifukwa kwawo n'komweko. Odziwa ndi anyamata a kabaza a pa siteji, amene amalowa tinjira tonse ndipo amanyamula katundu wa aliyense wosamuka. Sankhani mmodzi amene anzanu a kuntchito akumudziwa, mugwirizane ndalama ya tsiku, akuzungulitseni. Lamulungu loyamba dzionetseni ku tchalitchi kwanu, muuze amayi a kumeneko chimene mukusaka. Ndipo mukamva za mphunzitsi, namwino kapena wapolisi amene walandira kalata yosamutsidwa, mupezeni msanga. Ameneyo alibe chobisa, amakuuzani pamene pamadontha ndi khalidwe la alandilodi, ndipo amakuperekezani yekha ndi mtengo womwe iye wakhala akulipira.

Pokaona nyumba musavale yunifolomu, musafikenso pa galimoto ya kuntchito. Dzina la hotela limakweza lendi musanatsegule pakamwa. Pitani ndi mnzanu wa konkuno, makamaka wolankhula Chiyao, iye ndiye ayambe kufunsa mtengo. Maejenti alipo, ena ndi othandiza ndithu. Ambiri amafuna ndalama yoonetsera nyumba, kenako komishoni mukaikonda. Zonsezo gwirizanani musananyamuke, komishoni iperekedwe makiyi ali m'manja mwanu, ndipo lendi yeniyeniyo isadzere mwa ejenti.

Tsopano nyumbayo. Aliyense wobwera kuno amalakalaka kudzuka n'kuona nyanja pawindo, koma mzere woyamba wa gombe ndi wa mahotela ndi makoteji, mitengo yake ndi ya alendo odzapuma. Mukaoloka tala n'kulowera kumtunda lendi imatsika, ndipo dzinja mumagona ndi mtendere. Mu 2024 nyanja inadzaza kuposa mmene ambiri a ife tinaionerapo. Inalowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu m'magombe a Mangochi, ndipo madziwo sanaphwe sabata imodzi, anakhala miyezi. Chaka cha m'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anali atagwetsa kale nyumba zambiri m'chigawo cha kummwera. Nyumba zina zimene zikumveka zotchipa lero ndi zimene anthu anazithawa nthawi imeneyo. Mukaziona m'chilimwe, pabwalo pali mchenga woyera wosesedwa bwino, simungaganize.

Ndiye yang'anani m'munsi mwa khoma. Zungulirani kuseri, komwe mwini sanapake penti. Mukaona mzere wodera wopingasa khoma lonse, cha m'mawondo kapena pansi pake, madzi anafika pamenepo. Mukaona penti yatsopano yopakidwa m'munsi mokha, funsani chifukwa chake. Khudzani pulasitala ndi chala: akamayoyoka, ali ndi timchere toyera, khomalo limamwa madzi a pansi, ndipo pofika Febuluwale zovala ndi nsapato zanu zachita chuku. Onani zitseko ngati zatupa m'munsi. Onani chimene chamera kuseri kwa nyumba, chifukwa bango ndi udzu wa kudambo sizimera pouma. Kenako tsanzikani mwini nyumba, muyende pang'ono, mupeze mayi amene akusesa kapena kutsuka mbale nyumba yachitatu kuchokera pamenepo. Mupatseni moni bwinobwino, mukhale pansi ngati wakupatsani mkeka, mufunse kuti mvula ikalimba madzi amadutsa pati, ndiponso kuti amene amakhala m'nyumba ija anachokeranji. Zimene akuuzeni mayi ameneyo ndi zodalirika kuposa za ejenti aliyense.

Chimbudzi chioneni ndi maso anu, manyazi asakugwireni. Dothi la kunyanja ndi lamchenga ndipo madzi a pansi ali pafupi, kotero zimbudzi zokumba zimadzaza msanga, zina zimatitimira dzinja. Werengani mabanja amene amagwiritsa ntchito chimodzi. Ngati madzi akumwa ndi a pachitsime, onani kutalikirana kwake ndi chimbudzicho. Zikayandikana, nyumbayo isiyeni ngakhale itatchipa chotani. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri, ndipo inu mukubwera ndi ana awiri.

Madzi a m'mipopi kuno ndi a Southern Region Water Board, ndipo ntchito yopopa madzi kuchokera ku Nkhudzi Bay cholinga chake ndi kufikira madera a mumsewu wa ku Monkey Bay omwe kale analibe mipopi. Koma paipi kudutsa mumsewu sindiye kuti yafika pakhomo lililonse. Tsegulani mpopi nokha, muone mphamvu yake, mufunse anansi masiku amene umauma. Ngati ndi mjigo, lawani madziwo. Mijigo ina ya kuno imatulutsa amchere, osati ophikira tiyi, ndipo mudzapezeka mukugula a m'zigubu tsiku ndi tsiku, ndalama imene simunaiwerengere. Pakhomo pamene akuti "madzi timatunga kunyanja" dziwani kuti ana ali pa chiopsezo cha likodzo, ndipo cha ku Shire pali ng'ona.

Kutentha kwa kuno inu a ku Lilongwe simunakuzolowere. Nyumba ikaonedwe masana, cha m'ma 1 kapena 2 koloko, osati m'mawa kukadali kozizira. Lowani m'chipinda chogona, mutseke chitseko, muime pang'ono. Nyumba ya malata otsika yopanda siling'i imasanduka uvuni mu Okutobala ndi Novembala, ana sagona, inunso mumakafika kuntchito mutu ukuwawa. Mawindo oyang'anizana oti mphepo idutse, denga lokwera, ndi mtengo wa mango kapena wa nimu pambali, zimenezi kuno zimaposa matailosi ndi penti yowala. Ngati siling'i ilipo, nunkhizani. Fungo lamphamvu ndi timadontho takuda m'makona ndiye kuti muli mileme, ndipo mwini nyumba aichotse n'kutseka mipata musanalowe. Mawindo akhale ndi waya wotchinga udzudzu wosang'ambika, chifukwa malungo kuno ndi a chaka chonse, ndipo neti ikhale m'chikwama chanu choyamba. Denga limene latsindiridwa ndi miyala ndi njerwa likusonyeza kuti silinamangiriridwe bwino, chimphepo cha mvula yoyamba chingathe kulisasula.

Za magetsi, mita yanuyanu ya ESCOM ndi yabwino kuposa yogawana, ngakhale lendi itakwererapo pang'ono. M'nyumba za mdadada mita imodzi imayambanitsa anthu: wina ali ndi firiji ya malonda, wina amaphikira hotipuleti, inu muli ndi fani imodzi koma mukusonkha mofanana. Ngati ili yogawana, mvetsetsani kasonkhedwe kake musanalowe. Pemphani nambala ya mita, mugule mayunitsi a ndalama yochepa, muone ngati alowa okwanira kapena pali ngongole yakale imene ikudulidwa. Bilu ya madzi yomaliza ionedwenso, ngongole ya amene anatuluka isagwere inu. Waya wochokera kwa aneba wodumpha pamwamba pa mpanda musawerengere kuti ndi magetsi, tsiku lina adzadulidwa.

Pali nkhani ina ya kuno kwathu imene simungaidziwe muli ku Area 25, ndipo ndi imene imandibweretsera milandu yambiri. Amuna ambiri a ku Mangochi amagwira ntchito ku Joni. Ndalama zawo zamanga nyumba zabwino, za njerwa zootcha, malata amakono, zina ndi mpanda womwe. Zambiri mwa nyumba zimene mudzaone ndi zimenezi, ndipo mwini wake ali ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town. Wokuonetsani ndi mkazi wake, mayi ake, mchimwene wake kapena amalume ake. Ubwino wake ulipo. Mwini amafuna munthu wosamala woti nyumba isadyedwe ndi chiswe, choncho mayi wa pantchito wokhala ndi ana ake amakondedwa, ndipo mtengo umakambika. Vuto ndi lakuti m'banjamo mungakhale anthu awiri kapena atatu, aliyense akudziona kuti ndiye woyenera kulandira lendi. Ndinathandizapo namwino wina amene ankapereka lendi mokhulupirika kwa mlamu wa mwini nyumba, pamanja, popanda kalisiti kalikonse. Mwini atabwera mu Disembala anapeza kuti kwa iye sikunafike ngakhale tambala. Mlamu uja anati ankalandira mwa apo ndi apo, ndipo mayiyo anauzidwa kuti atuluke sabata ya Khirisimasi. Tinakathera kwa amfumu. Anamupatsa mwezi woti asakire kwina, koma umboni woti analipira analibe, ndipo zina anabwezanso kachiwiri.

Choncho musanapereke kalikonse, lankhulani ndi mwini weniweni pa WhatsApp, pa vidiyo, wachibale uja ali pomwepo akumva. Atchule yekha dzina la wolandira lendi ndi nambala yotumizirako, kenako alembe zomwezo mu uthenga woti musunge. Mufunseni mosapita m'mbali kuti akabwera kumudzi, kaya ndi Disembala kaya ndi nthawi ya Eid, adzafikira kuti. Ena amabwera n'kufuna nyumba yawo, ndipo ngati simunagwirizane za notisi mulibe pogwira. Nyumba zambiri za kunjira ya kunyanja zili pa malo a makolo, ndipo wodziwa mwini wake weniweni ndi amfumu. Kukaonekera kwa amfumu kapena kwa nyakwawa ndi ulemu umene mlendo aliyense amapereka, komanso kumeneko n'komwe mungamve ngati nyumbayo ili pa mkangano wa chuma cha masiye.

Mwa nyumba za a ku Joni zomwezi, zina zimakhala zosamalizidwa: denga lilipo, pansi pathiridwa simenti, koma magalasi alibe, kapena chitseko cha kuchipinda, kapena penti. Apa pali mwayi weniweni wa lendi yotsika. Mutha kugwirizana kuti muike magalasi ndi waya wa udzudzu, ndalamayo idulidwe pa lendi. Koma zilembedwe, malisiti a ku hadiweya musunge, ndipo musapyole tinthu ting'onoting'ono. Denga, chimbudzi ndi kukoka magetsi ndi za mwini. Ndaonapo anthu akumalizitsa nyumba ndi ndalama zawo, itangokongola lendi n'kukwezedwa.

Pangano lilembedwe. Loya safunika. Pepala wamba likwanira, makope awiri, mayina ndi manambala a ziphaso zaunzika, mboni imodzi ya mbali iliyonse, yanu akhale mnzanu wa kuntchito. Mulembedwe lendi ndi tsiku lolipira, wolandira, notisi ya mbali zonse ziwiri, amene akonza chikawonongeka, ndi dipoziti ngati ilipo pamodzi ndi kabwezedwe kake. Tsiku lolipira ligwe malipiro anu atatuluka. Mulembedwenso kuti lendi siisintha kwa miyezi 12. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 eni nyumba ambiri anakweza lendi pakamwa, mwezi womwewo, ndipo amene anali ndi pepala ndiwo anali ndi pokambira. Miyezi itatu yolipiriratu ndi chizolowezi chabe, imakambika. Nenani zoona, kuti mwangoyamba ntchito, muwaonetse kalata yake, mupemphe kuyamba ndi mwezi umodzi kapena iwiri. Ambiri amalola akaona kuti ndinu wa pantchito yokhazikika. Miyezi 6 musalipiriretu ngakhale atatsitsa mtengo, chifukwa ntchito zambiri zimayamba ndi nthawi yoyeserera ndipo ndalama yolowa m'thumba la alandilodi imavuta kubwerera. Polipira, Airtel Money, TNM Mpamba kapena banki n'zabwino kuposa pamanja chifukwa uthenga umatsala. Ngati ndi pamanja, pakhale kope losainirana. Tsiku lolowa jambulani chipinda chilichonse, galasi losweka, mng'alu wa pakhoma, manambala a pamita, mutumizire mwini nyumba tsiku lomwelo. Zinthu zikadzavuta, kaya ndi kwa amfumu kaya ndi kubwalo la majisitireti, chimene adzafunse ndi mapepala amenewa.

Za anansi. Anthu ambiri a kuno ndi Ayao ndipo ambiri ndi Asilamu, cha ku Monkey Bay mupezanso Anyanja ambiri. Ndi anthu olandira alendo, ndipo ngati mukhala mumpanda umodzi ndi eni nyumba funsani malamulo a pakhomopo musanalowe. Pena nyama ya nkhumba ndi mowa siziloledwa mumpanda, pena chipata chimatsekedwa nthawi yake, zimene muyenera kuzidziwiratu inu oweruka usiku. Chitenje pakhomo ndi moni wa m'Chiyao zimatsegula mitima msanga, ndipo mayi wa pakhomo loyandikana ndiye adzayang'anire ana anu tsiku limene mwachedwa. Malowo mukawaonenso madzulo, makamaka Lachisanu kapena Loweruka, mumve ngati pafupi pali bala kapena nyumba yoonetsera kanema. Kufupi ndi madoko a asodzi kumatchipa, koma kuli fungo la usipa woyanika, utsi wowambira nsomba, ndi phokoso la m'bandakucha maboti akamakocheza. Ena amazolowera, ena ayi.

Katundu musabwere naye yense. Lole yochokera ku Lilongwe ingathe kudya ndalama yoposa lendi ya mwezi, ndipo bedi, tebulo ndi mipando akalipentala a kuno amakhoma, mikeka ndi madengu a mlaza n'zogulitsidwa mumsewu momwemu. Tengani matiresi, ziwiya, mbaula, fani, ndi firiji ngati muli nayo, zolemera zina mugulitse kapena musungitse kwa abale. Funsani anzanu a kuntchito za magalimoto amene amapita ku Lilongwe ndi nsomba kapena kukatenga katundu wa m'mashopu, chifukwa wobwerera wopanda kanthu amalola mtengo wotsika. Ngati ndi ya nsomba, itsukidwe ndipo matiresi akulungidwe m'pulasitiki. Njira yachidule ndi yotsikira ku Golomoti, imene imatulukira pa mphambano ya ku Monkey Bay kumpoto kwa Nkopola, kotero ku Boma simudutsako. Msewu wotsika phiri kuchokera ku Dedza uli ndi makona ambiri, ndipo madalaivala a malole olemedwa ena amasankha kudzera ku Salima. Mugwirizane njira ndi mtengo musanapakire.

Ana abwere teremu ikatha, osati pakati pake. Pofika nthawiyo mudzakhala mutaona sukulu ndi maso, mutadziwa ngati popita kumeneko aziwoloka tala, ndiponso mutayesa ulendo wa ku chipatala cha Koche kuti mudziwe kutalika kwake mwana akatentha thupi usiku. Makalata osamutsira ana mutengeretu kwa ahedi a sukulu yawo ya ku Lilongwe pamodzi ndi mabuku awo a kuchipatala. Ndipo posankha pakati pa nyumba ya chipinda chimodzi ndi ya ziwiri, werengeraninso munthu wamkulu woti azikhala nawo masiku amene mwaweruka mochedwa, kaya ndi m'bale wochokera kwanu kaya ndi wantchito wa konkuno, chifukwa nayenso afunika pogona ndipo eni nyumba ayenera kumudziwa kuyambira tsiku losainirana.